Mwana wanu akuti akuphunzira kuhaka: ndi ntchito kapena ndi umbava?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Ndaifupikitsa motere:

"Mwana wanga analemba Fomu 4 chaka chatha, anapeza mapointi 22, masamu anapeza 6. Kuyambira pamenepo amachezera pa laputopu usiku wonse, akuti akuphunzira kuhaka kuti adzagwire ntchito yoteteza makompyuta a mabanki. Mwezi watha anadzitama kwa mlongo wake kuti walowa mu WiFi ya aneba popanda kupatsidwa pasiwedi. Bambo ake akuti asiye zachibwanazo akayambe maphunziro a akaunti, apo ayi laputopuyo agulitsa. Ine mtima uli m'mwamba kuti tsiku lina apolisi adzagogoda pakhomo. Kodi ntchito imeneyi ilipodi?"

Mayi, makalata ngati anuwa sasowa pa tebulo langa, ndipo nkhani imakhala yomweyi: mnyamata, laputopu, bambo wokwiya, mayi ali pakati. Ntchitoyo ilipodi. Koma zomwe mwana wanu anachita kwa aneba ndi mlandu, ndipo ndiyambira pomwepo chifukwa apa sindinyengerera.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta kapena netiweki ya munthu wina popanda chilolezo, ndipo chilango chake chimafika pa chindapusa ndi ndende. Kunena kuti "ndimangoyesa, sindinabe kanthu" sikumupulumutsa munthu. Choipitsitsa n'chakuti mlandu wotere umapha ntchito yomwe iyeyo akuifunayo, chifukwa palibe banki yomwe ingapereke makiyi a makompyuta ake kwa munthu amene anagwidwapo akulowa pomwe sanaitanidwe. Anyamata amakonda kunditchulira Kevin Mitnick wa ku America, amene anayamba ndi kuthyola makompyuta a makampani n'kudzakhala mlangizi wotchuka wa zachitetezo. Amadumpha dala gawo lapakati: anamangidwa mu 1995, anakhala m'ndende zaka zisanu, ndipo atatuluka analetsedwa kugwiritsa ntchito intaneti kwa zaka zina zitatu. Ndani angafunire mwana wake njira imeneyo?

Tsono kwa bambo ake. Bambo, akaunti si maphunziro oipa, koma ndatopa ndi makolo amene amadziwa ntchito zitatu zokha, udokotala, uloya ndi akaunti, n'kumakankhira mwana aliyense momwemo kaya akufuna kaya sakufuna. Mwana wokakamizidwa amalemba mayeso n'kulephera, kulembanso n'kulephera, ndalama zanu zikupita. Pomwe apa muli ndi mnyamata amene amadzikhazika yekha pansi n'kuphunzira popanda womukalipira. Khalidwe limenelo ndi losowa, musaligulitse limodzi ndi laputopu.

Ndipo tayang'anani komwe dziko lili. Malipiro anu amadutsa pa kompyuta ya banki. Ndalama zotumiza kumudzi zimayenda pa Airtel Money kapena Mpamba. Mu February 2024, Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, anauza Nyumba ya Malamulo kuti kusindikiza mapasipoti kunaima chifukwa akuba a pa intaneti analowa m'makina a nthambi ya Immigration n'kumafuna dipo. Amene anali ndi ulendo nthawi imeneyo sanaiwale. Chaka chomwecho kunabwera lamulo la Data Protection Act, lomwe likukakamiza mabungwe osunga mbiri za anthu kuti aziziteteza. Ku MACRA kuli gulu la mwCERT lomwe ntchito yake ndi kuthana ndi ziwembu za pa intaneti. Mabanki, makampani a mafoni ndi a inshuwalansi omwe ali mu Blantyre muno onse akufuna anthu odziwa kutseka mipata yomwe akuba amalowera.

Kodi n'chifukwa chiyani woteteza amaphunzira njira za wakuba? Zili ngati mmisiri wa maloko: amadziwa kutsegula loko popanda kiyi, n'chifukwa chake amatha kukuuzani kuti ili ndi lolimba, ili ndi lachabechabe. Koma amagwira chitseko chanu pokhapokha mutamuitana. Pa ntchito yomwe amaitcha penetration testing, kampani imalemba pangano, kusainira, kutchula makompyuta omwe ayesedwe, masiku ake, ndi malo omwe asakhudzidwe. Katswiri amayesa kulowa, kenako amakhala pansi kulemba lipoti lofotokoza pomwe analowera ndi momwe angatsekere. Chomwe kampani imalipira ndi lipotilo. Wosadziwa kulemba Chingerezi chomveka sapita patali pa ntchitoyi.

Tsopano ndilankhule nawe iwe mnyamata, poti ndikudziwa kuti amayi ako akuwerengetsa. Kulowa mu WiFi ya aneba sikukusandutsa katswiri. Mwina unangotsatira vidiyo ya pa YouTube n'kuyendetsa pulogalamu yolembedwa ndi wina. Tandiyankha: ukalemba dzina la webusayiti n'kudina, chimachitika n'chiyani tsambalo lisanatseguke? DNS imagwira ntchito yanji? Port 443 ndi ya chiyani, nanga 22? Ungagawe netiweki ya ofesi kuti makompyuta a alendo asaonane ndi a kwa akauntanti? Ngati ukuchita chibwibwi pamenepa, sunayambe. Ukuthamangira kugwetsa chinthu chomwe sudziwa kuti chinamangidwa bwanji.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yoyamba ndi netiweki, ndipo ndi yosasangalatsa poyamba. Pulogalamu ya Cisco Packet Tracer imakulola kumanga netiweki yonse ya ma router ndi ma switch pa laputopu yako osagula chipangizo. Phunzira Linux mpaka uzitha kuchita zonse polemba malamulo, osadalira mausi. Onjezera pang'ono Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu. Ukatero ika VirtualBox, yomwe ndi yaulere, n'kupanga makompyuta awiri ongoyerekeza mkati mwa laputopu imodzi: ina ya Kali Linux, yomwe ili ndi zida zoyesera chitetezo, ina ya Metasploitable, yomwe anaipanga dala yodzaza ndi mipata kuti ophunzira aziyeserapo. Pamenepo fufuza ndi Nmap, yang'ana zomwe zikudutsa ndi Wireshark, thyola mmene ungathere, palibe angakumange chifukwa zonsezo ndi zako. Ubwino wina ndi woti ukangozikopera kamodzi, sizidyanso bandulo. Ukakhala ndi data, pali masewera a Bandit pa OverTheWire, picoCTF ya yunivesite ya Carnegie Mellon, ndi TryHackMe, komwe eni ake anapereka chilolezo choti uyeserepo. Chilichonse chomwe wachita uzilemba m'kope: unayesa chiyani, chinakanika pati, ukanatseka bwanji.

Uchenjerenso ndi magulu a pa WhatsApp ndi Telegram omwe amagawa "zida zohakira" zaulere. Zambiri zimabwera ndi mavairasi, wohakayo n'kukhala wohakidwa. Ndipo mbiri ikangomveka kuti umadziwa makompyuta, abwera anzako kukupempha kuti uwatsegulire Facebook ya chibwenzi chawo, ena adzabwera ndi ndalama m'manja. Kana onsewo.

Za maloto a malipiro a madola ukugwira ntchito kuchipinda, tsitsa mtima. Kuno ntchito zoti munthu azingoyesa kuthyola tsiku ndi tsiku ndi zochepa, ndipo sapatsa wongoyamba kumene. Uyamba ndi kukoka mawaya, kukonza printa, kuthandiza amene aiwala pasiwedi. Kenako kuyang'anira ma seva, kusunga ma backup, kuonetsetsa kuti makompyuta alandira ma update. Usazipeputse zimenezi. Vairasi ya WannaCry yomwe inasokoneza zipatala za ku Britain mu May 2017 inalowera pa mpata womwe Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera chake mu March chaka chomwecho. Ovutikawo anali asanachiike. Ndipo kuno kwathu ndalama zambiri zimabedwa popanda luso lililonse la kompyuta: munthu amangoimba foni, kunena kuti mwapambana mphoto kapena watumiza ndalama molakwika, mwini wake n'kupereka yekha nambala yachinsinsi. Kuphunzitsa antchito anzako kuti asapusitsidwe ndi mbali yaikulu ya ntchito yomwe ukuifunayo.

Pa za sukulu, mayi, ndikuuzani mosabisa. MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya Computer Systems and Security, MUBAS ku Chichiri kuno ili ndi maphunziro a IT, ndipo UNIMA ndi Mzuni nazo zili ndi a makompyuta. Koma ndi mapointi 22 ndi 6 ya masamu, mpikisano wa malo a ku yunivesite kudzera ku NCHE ndi wovuta kwa iye. Afunsire malo, inde, koma musakhale manja lende kudikira. Angathe kulembanso MSCE kuti akweze masamu, ndipo ngati akukana kubwerera ku masamu ndiye kuti ntchitoyi sakuifunitsitsa. Apo ayi ayambe dipuloma ya makompyuta, monga ku NACIT mu Blantyre momwemuno, n'kuwonjezera satifiketi ya CCNA kapena CompTIA Security+. Mayesowa amalipiridwa m'madola, ndiye mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, alembe atakonzeka ndithu. Akayamba kukulirirani za satifiketi ya CEH kapena ya OSCP, yomwe mayeso ake amatenga maola 24, muuzeni adikire. Ndi zodula kwambiri, ndipo nthawi zina abwana amalipirira munthu akakhala kale pa ntchito.

Nayi ndondomeko yomwe ndingapereke pakhomo panu. Bambo asagulitse laputopu. Mumupatse miyezi itatu, ndipo Loweruka lililonse azikuonetsani kope lake n'kukufotokozerani m'Chichewa chomwe waphunzira, mpaka inu amene simudziwa makompyuta mumve. Akakwanitsa, mulipirireni sukulu ndi mtima umodzi, chifukwa mutu ulipo. Akapezeka kuti m'kope mulibe kanthu koma mafilimu ndi magemu, bambo ake ali ndi ufulu wobweretsanso nkhani ya akaunti. Koma sabata ino isanathe, apite kwa aneba aja, inu mumuperekeze, akapepese ndi kuwauza kuti asinthe pasiwedi.