Mwana wathyoledwa mkono ku patitaimu, koma m'buku la kuchipatala munalembedwa kuti anagwa mumtengo

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Salima: "Ndimagulitsa nsomba pamsika, ndiye mwana wanga wa zaka 7 akaweruka kusukulu amapita ku patitaimu kwa mayi ena a m'dera lathu mpaka 5 koloko. Sabata ziwiri zapitazo mnyamata amene amathandiza kuphunzitsa pamenepo anamumenya ndi mpini wa tsache mpaka mkono kuthyoka. Eni patitaimu anathamangira naye kuchipatala ine ndisanamve, n'kukauza dokotala kuti wagwa mumtengo wa mango. Mwana anaulula patatha masiku atatu. Tsopano ndamva kuti mnyamatayu anathamangitsidwa pamalo ena ku Nkhotakota pa nkhani ngati yomweyi. Eni malo akuti andipatse K150,000 ndikasaine kalata kwa amfumu kuti nkhani yatha. Apongozi ndi alamu anga akuti ndilandire chifukwa mayiwo timapemphera nawo limodzi. Wapolisi amene ndinamupeza anati tikakambirane kaye kunyumba. Ndichite chiyani, nanga mayiwa ndingawasumire polemba ntchito munthu osamufufuza?"

Mayi, kalatayo musasaine. Ndalamazo musazigwire, ndipo akazitumiza pa Mpamba kapena Airtel Money usiku, zibwezeni tsiku lomwelo n'kusunga mauthenga onse awiri. Ndayamba ndi zimenezi poti ndi zimene zili pakhomo panu lero. Koma chimene chandiimitsa mutu powerenga kalata yanu ndi mzere uja wa m'buku la kuchipatala wonena kuti mwana anagwa. Milandu ingapo yotere ndaiona ikufera pa mzere ngati umenewo.

Mwana wa zaka 7 akaima m'khoti sangoyamba kufotokoza. Majisitireti amayamba wamufunsa timafunso: kodi umapita kutchalitchi kapena kumzikiti, kunama n'kutani, munthu wonama chimamuchitikira n'chiyani. Akaona kuti mwanayo sakumvetsa kulemera kwa lumbiro, koma nzeru zilipo ndipo akudziwa kuti ayenera kunena zoona, amamulola kupereka umboni osalumbira. Apa ndi pamene pali msampha. Gawo 6 la lamulo la malumbiro, Oaths, Affirmations and Declarations Act, limati munthu sangapezeke wolakwa pa umboni wosalumbirira wokhawokha. Payenera kukhala umboni wina wouchirikiza, woloza kwa woimbidwa mlanduyo. Mwana wanu akhoza kufotokoza bwinobwino, majisitireti n'kumukhulupirira mumtima, koma popanda chochirikiza n'kumumasula mnyamatayo.

Pa milandu yovulaza, chimene chimachirikiza kawirikawiri ndi zimene analemba a kuchipatala. Zanu zikutsutsana ndi mwana. Dokotala sananame ayi, iye amalemba zimene wauzidwa ndi wamkulu amene wabwera ndi mwana, ndipo pamzere pakakhala anthu ambiri safunsa kawiri. Koma tsiku la mlandu loya wa mbali inayo adzakweza bukulo m'mwamba, adzakufunsani ngati ndi la mwana wanu, adzakufunsani ngati detilo ndi lomwelo, kenako adzati, "Mayi, tawerengani apa mokweza." Mukadzati amene ananena zimenezo ndi eni patitaimu, adzakufunsani ngati inu munalipo. Munalibepo.

Chinthu choyamba chimene achibale amaganiza ndi kung'amba tsambalo kapena kugula buku latsopano. Musayerekeze. Ndinakhalapo m'khoti lina la kunyanja kuno pamene agogo ena, mwachikondi ndithu, anachotsa tsamba lotere ndi lezala, bwinobwino cha m'mphepete. Mbali inayo inangoitanitsa kaundula wa kuchipatala, mawu aja n'kupezeka momwemo, deti lomwelo, dzanja lomwelo. Kuyambira pamenepo nkhani inasiya kukhala ya amene anavulaza mwana, inasanduka ya banja limene limabisa mapepala. Mayi wa mwanayo anatuluka atakumbatira buku lake lopanda tsamba, womenya uja akukwera kabaza kubwerera kwawo.

Tsambalo lisiyeni momwe lilili. Ntchito yanu ndi kuonetsa amene anaika mawuwo m'kamwa mwa dokotala, ndiponso kuti anali ndi chifukwa chowaikira. Bwererani kupolisi, mufunse nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, muuze wapolisi kuti mwabwera kudzapereka sitetimenti osati kudzafunsa nzeru, ndipo mupemphe kalata yopita nayo kuchipatala kuti mwana akapimidwe ngati wovulazidwa. Kuchipatalako mwana alankhule yekha, inu mukhale chete. Pemphani kuti alembe zinthu ziwiri: amene anabwera ndi mwana tsiku loyamba, ndi amene anafotokoza za kugwa. Chithunzi cha ekisire chisungeni ngati ndalama. Ngati pamsana kapena m'miyendo patsala mikwingwirima, alembe, inunso mujambule pafoni lero lomwe. Akuluakulu amati mlandu suola, komatu zipsera za mpini pakhungu la mwana zimazilala, ndipo sabata ziwiri zapita kale. N'kuthekanso dokotala kunena kuti kuthyoka kotere kungabwere ndi kugwa kapena ndi kumenyedwa, osasankha mbali. Zikatero lipotilo silikuthandizani kwambiri, ndiye muyenera kukhala ndi zina.

Zinazo zili pafupi kuposa mmene mukuganizira. Wakabaza amene ananyamula mwana kupita kuchipatala anamva chiyani panjira? Mayi woyandikana ndi malowo anamva kulira nthawi yanji, anaona ndani akutuluka? Pabwalo la patitaimupo pali mtengo wa mango? Ngati palibe ngakhale umodzi, jambulani bwalolo, wapolisi wofufuza akaonenso yekha. Mauthenga a pa WhatsApp okhudza K150,000 ija musafufute, makamaka mawu ojambula. Mayina a ana amene analipo alembeni n'kupereka kwa apolisi, koma musawasonkhanitse pakhonde kuti muziwafunsa. Ngati nawonso ali aang'ono moti sangalumbire, khoti likhoza kukana kuti umboni wawo uchirikize wa mwana wanu, n'chifukwa chake mboni imodzi yachikulire imalemera kuposa ana asanu. Ndipo achibale asiye kumufunsa mwanayu nkhaniyi mlendo aliyense akabwera. Mwana akafotokoza kakhumi amayamba kulankhula ndi mawu a azakhali ake, ndipo majisitireti amazindikira msanga mwana wophunzitsidwa zonena.

Lipoti la dokotala likalembedwa, msampha sunathe. Gawo 180 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu ya upandu ndi umboni, Criminal Procedure and Evidence Code, limalola lipotilo kuwerengedwa m'khoti mwini wake palibe pokhapokha woimbidwa mlandu atavomera, kapena atapatsidwa kope lake pamodzi ndi chidziwitso choti lidzagwiritsidwa ntchito, n'kudutsa masiku 7 osatsutsa. Kanthu kakang'ono, koma kamaiwalika. Fayilo imafika kukhoti lipoti lili momwemo, osaperekedwa kwa aliyense, dokotala anasamutsidwa kalekale, mlandu n'kumangoimitsidwa mpaka mboni kutopa. Funsani woimira boma pa mlanduwo ngati kope linaperekedwa, ndi tsiku lake. Mudzaoneka ovuta. Funsanibe, sabata yotsatira mufunsenso. Dzina la dokotala amene wapima mwana lilembeni kuseri kwa buku lanu la ngongole ngati mulibe pena polemba.

Za wapolisi uja. Sindidziwa kuti mawu akuti "kakambiraneni kaye" anawatenga m'buku liti pamene mwana ali ndi chikhakha pamkono. Kumenya munthu mpaka kumuvulaza ndi mlandu pansi pa gawo 254 la Penal Code, chilango chake chimafika zaka 5. Kuvulaza koopsa kuli pa gawo 238, zaka mpaka 14. Gawo limene adzamuimbire asankha ndi oimira boma poona lipoti la kuchipatala, ndipo zakazi ndi malire chabe, makhoti sakonda kufika pamenepo kwa wopalamula koyamba. Mlandu wotere ndi wa boma, si wa inu ndi mayi a patitaimu. N'zoona kuti gawo 161 la Criminal Procedure and Evidence Code limalola kuyanjanitsa anthu, koma mphamvuyo ndi ya khoti, pa timilandu ting'onoting'ono. Amfumu tiwalemekeze, koma chidindo chawo sichitseka mlandu wa upandu. Chimene kalata ija ingachite ndi kukusandutsani mboni yokayikitsa: munasaina kuti zatha, munalandira ndalama, lero mwabweranso chifukwa ndalama zatha. Adzakufunsani choncho, pamaso pa apongozi omwewo amene akukukakamizani lero, ndipo iwo sadzaima m'bokosi kukuyankhirani. Wapolisi akakananso kulemba, pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo. Zikakanika, kuli Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, kulinso Malawi Human Rights Commission.

Tsopano za eni malo. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limalamula aliyense wosamalira ana kuti akakhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana wavulazidwa pochitidwa nkhanza, auze apolisi kapena a ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndipo kusatero ndi mlandu pawokha. Mayiwa, ngati zili monga mwanenera, sanangokhala chete, anakasocheretsa dokotala. Zimenezi zilowe mu sitetimenti yanu. Kuwaimba mlandu kapena kuwasandutsa mboni, aona ndi apolisi.

Kuwasumira kuti akupatseni chipukuta misozi n'kotheka, m'njira ziwiri. Yoyamba, wolemba ntchito amatha kuyankha pa zimene wantchito wake wachita ali pantchitoyo, ngakhale mayiwa adzati mnyamatayu sanali wantchito, ankangothandiza. Yachiwiri ndi kusasamala: munthu wolandira ana a eni ake n'kumalipiritsa ayenera kuchita zimene munthu wosamala angachite asanasiye anawo m'manja mwa mlendo. Kuona chiphaso cha unzika, kuimbira foni kumene ankagwira kale, kufunsa kalata ya polisi yoonetsa ngati anapalamulapo mlandu. Koma nkhani ya ku Nkhotakota ija pakadali pano ndi mphekesera, ndipo khoti silidya "ndinamva". Pafunika munthu amene anamuchotsa ntchito kapena kholo la mwana amene anamenyedwa, wolola kubwera kudzanena. Pa mlandu wa upandu mbiri yoipa ya munthu kawirikawiri siloledwa kulowa. Pa mlandu wa chipukuta misozi ingathandize, mukaonetsa kuti mayiwa ankadziwa kapena foni imodzi ikanawadziwitsa.

Kalata ya polisi ija, imene imatuluka akaunika zidindo za zala kulikulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe, musaikhulupirire mopitirira. Imaonetsa zimene zinafika m'mabuku a boma. Ngati a ku Nkhotakota nawo anauzidwa kuti akakambirane kunyumba, n'kulandira kangachepe, mnyamatayu angakatenge kalatayo mawa ikatuluka yoyera mbee. Umo ndi mmene anafikira pa mwana wanu, ndipo kalata ya kwa amfumu ndi mmene adzafikire ku Chipoka kapena ku Dwangwa. Auzeni alamu anu zimenezo.

Sindikulonjezani kuti mudzapambana, ngakhale kuti mukapambana mudzalandira. Patitaimu yambiri chuma chake ndi mabenchi anayi ndi bolodi. Khoti loweruza mlandu wa upandu lili ndi mphamvu yolamula chipukuta misozi, ndiye uzani woimira boma zimene mwawononga. Mukafuna kusuma panokha, nthawi yoti mukhale mutasuma pa milandu yovulala chifukwa cha kusasamala ndi zaka 3. Lamulo limapereka mpata wina kwa ana, koma musautsamire. Opanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Zotsalazi mwachangu. Malisiti a mankhwala, a mayendedwe, a fizi ya patitaimu, ndi masiku amene simunapite kumsika, lembani m'kope limodzi. Kaonaneni ndi a ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma, chifukwa ana ena akadali pamalopo. Nambala ya foni ya 116, yonenerako nkhanza zochitira ana, ndi yaulere. Mnyamatayu akamangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo mwina adzatuluka pa belo. Kumuona pamsika sikutanthauza kuti wina wadya ndalama, koma akakuopsezani kapena kutuma anthu kwa mboni, kanenenitu msanga. Dzina lake, la mayiwa, ngakhale chithunzi cha mwana, musaike pa Facebook kapena m'magulu a mpingo, mungadzipezere mlandu woipitsa mbiri. Mwana akatchula za kugwidwagwidwa malo obisika, musadikire kalata ya aliyense, thamangirani kuchipatala, poti mankhwala oteteza ku HIV amagwira akayambidwa pasanathe maola 72. Kumene mukamusiye tsopano, funsani kuti ndani amakhala ndi ana mwini akachoka, ndipo mudzafikepo tsiku lina 3 koloko osanena.

Buku la kuchipatala lija, musanapite nalo kupolisi, kachititseni fotokope masamba onse kuyambira pachikuto, makope awiri. Amene adzalitenge akulembereni dzina lake, deti, n'kusaina pa kope lanulo.