Ulendo wa ku Philadelphia: kodi $4,200 ija ndi yanu yonse, Mayi?

"Alangizi, ndimakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana ndi amuna anga komanso ana athu atatu. Ntchito yanga ndi yoluka tsitsi, ndimachita lendi mpando mu saluni ya munthu wina. Anawa akhala akuphunzira mbiri ya America kusukulu, ndiye tikufuna kupita nawo pa galimoto ku Philadelphia mu Julaye, tikagone masiku anayi, akaone belu lotchuka lija ndi nyumba imene dziko lino linayambira. Mu akaunti yanga ya bizinesi muli $4,200. Kodi $2,500 ingakwane? Nanga ndilipire ndi khadi la ngongole kuti ndipeze mapointi, kapena nditenge njira ija yolipira pang'onopang'ono? Alamu anga nawonso akuti tiwatengere ana awo awiri." Mayi wa ku Indiana

Mayi, mtima ukhale m'malo: $2,500 ikwana. Zinthu zimene mukupitira ku Philadelphia sizidula. Kukaona belu lija, Liberty Bell, salipiritsa. Ku Independence Hall, kumene anavomereza chikalata cha ufulu pa 4 Julaye 1776 ndi kulemba malamulo oyendetsera dziko mu 1787, mumangopereka $1 pa tikiti posungitsa nthawi yolowera pa intaneti. Ndalama zanu zidzathera pogona, pamimba ndi pamsewu. Tiyerekeze kuti hotelo ndi $200 usiku umodzi, ndiye $800, kuphatikiza msonkho wa mahotelo mumzindamo umene umapitirira 15 peresenti, tinene $130. Poimika galimoto pakati pa mzinda ikanipo $160. Ulendo wake ndi wa maola 10 kapena 11 kupita kokha. Mafuta ikani $200, misewu yolipiritsa ya Indiana, Ohio ndi Pennsylvania ikani $150 ngati muli ndi E-ZPass, kachipangizo koika pa galimoto kolipirira misewu, chifukwa mukapanda kukhala nayo bilu ya msewu wolipiritsa wa Pennsylvania Turnpike idzakutsatirani kunyumba ili yokwera kwambiri. Chakudya cha anthu asanu masiku asanu, $750. Zonse pamodzi zikuyandikira $2,200, kutsala $300 ya zosayembekezereka. Pamenepo tathana.

Chimene chandiimitsa ndi chiganizo china chimene mwachilemba mongodutsa: "Mu akaunti yanga ya bizinesi muli $4,200." Makalata ngati anuwa amandipeza kawirikawiri, ena ochokera kwa oyendetsa galimoto za hayala, ena kwa amayi okonza m'nyumba za anthu, ndipo onse amapunthwa pamalo amodzimodzi. Amatsegula foni, n'kuona nambala ya ku banki, n'kuitcha phindu. Funso limene munayenera kundifunsa ndi lakuti: mwa ndalama zimenezi, zanga ndi zingati?

Tiyeni tiyambe ndi mwini wake woyamba, boma. Amuna anu, ngati analembedwa ntchito, abwana awo amawadulira msonkho malipiro asanafike m'manja. Inu palibe amene amakudulirani. Munthu wodzilemba yekha ntchito ku America amalipira 15.3 peresenti ya Social Security ndi Medicare, thumba la penshoni ndi la chipatala cha okalamba, ndipo pamwamba pake pali msonkho wa boma lalikulu, wa Indiana ndi wa dera lanu. A IRS, bungwe lotolera misonkho la boma lalikulu, amayembekezera kuti muziwalipira kanayi pachaka: pa 15 Epulo, 15 Juni, 15 Seputembala ndi 15 Januwale. Muone bwino tsiku lachitatulo. Mukubwera kuchokera ku ulendo kumapeto kwa Julaye, sabata zingapo zokha 15 Seputembala yakwana. Ine ndimauza aliyense kuti azipatula kotala ya zimene wapeza. Kotala ya $4,200 ndi $1,050, ndipo imeneyo musaiwerengenso ngati yanu.

Mwini wachiwiri ndi makasitomala. Ogasiti ndi mwezi wotsegulira sukulu, amayi amasungitsiratu malo kuti ana awo alukidwe, ndipo ndikukhulupirira kuti ena anakutumizirani kale ya chikole. Ndalama ya mutu umene simunauluke ndi ngongole. Tinene $400. Wachitatu ndi mwini saluni, amene lendi ya mpando amaifuna kaya muli pa ntchito kaya mukujambulitsa pa belu. Ikani $600 ya mwezi wotsatira. Wachinayi ndi bizinesi yeniyeniyo, yomwe ikufuna meshi, mafuta ndi zina zoti mugwirire ntchito mu Ogasiti, mwina $300. Chotsani zonsezi muone: kwatsala $1,850. Ulendo wa $2,500 ukupereweredwa kale ndi $650.

Sitinathe. Wolembedwa ntchito akapita ku tchuthi malipiro amalowabe. Inu mukatseka chitseko, ndalama nayo imaima. Masiku asanu a ulendowu, kuphatikizapo awiri a pamsewu, ndi pafupifupi sabata yathunthu ya ntchito, ndipo ngati mkati mwake muli Lachisanu ndi Loweruka, masiku amene woluka tsitsi amadyerapo, mwataya mwina $1,000 imene simunailembe paliponse. Mtengo weniweni wa ulendowu ndi $3,500.

Manambala onsewa ndangoyerekeza. Enieni muli nawo inu, ngati munalemba. Ndipo apa, Mayi, mundilole ndikudzudzuleni, chifukwa kalata yanu ikuonetsa kuti simulemba. Mukanakhala mukulemba simukanandiuza zimene zili mu akaunti. Mukanandiuza kuti mwezi wa Meyi munapeza zakuti, Juni zakuti, ndipo phindu lanu pamwezi ndi lakuti. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Wina walipira pa Zelle, wina pa Cash App, wina wakupatsani m'manja mwaika m'thumba la epuloni, madzulo mwadutsira kugula mkaka ndi nkhuku ndi khadi lomwelo limene mumagulira meshi. Pofika kumapeto kwa mwezi mwatopa, msana ukuwawa, zala zatupa, koma mukafunsidwa kuti mwezi uno ntchito yakupatsani zingati mumangoti "zayenda bwino ndithu". Anthu ogwira ntchito molimbika chonchi ndi amene ndimamva nawo chisoni kwambiri, chifukwa thukuta amakhetsa lokwanira koma sadziwa kumene likupita.

Mankhwala ake ndi kabuku kotchipa ndi mphindi zisanu musanagone. Tsiku, dzina la kasitomala, zimene walipira, zimene mwagula. Malisiti a meshi, a lendi ya mpando ndi a zipangizo muziwaponya mu envulopu imodzi, chifukwa zimenezo zimachotsedwa powerengera msonkho, ndipo amene alibe lisiti amalipira msonkho pa ndalama imene sanaidye. Mutsegule akaunti ina yosungira, Lolemba lililonse muziponyamo kotala ya zimene mwapeza sabata imeneyo, muitche ya msonkho, musaikhudze. Lolemba lomwelo muzidzilipira nokha malipiro okhazikika, kuwasamutsira ku akaunti ya pakhomo. Ulendo, nsapato za ana, chakhumi, zotumiza kumudzi, zonse zizichokera m'malipiro amenewo. Kwathu mlimi amapatula chimanga cha mbewu asanayambe kutapa m'nkhokwe, ndipo mpamba wanu ukufunika ulemu womwewo.

Tsopano za khadi. Makhadi ambiri abwino amabweza pafupifupi 2 peresenti, ndiye pa $2,500 mupeza $50. Chiwongola dzanja cha makhadi a ngongole ku America masiku ano chimapitirira 20 peresenti pachaka. Pa 22 peresenti, ngongole ya $2,500 imabala pafupifupi $46 mwezi umodzi wokha. Pafupifupi mapointi anu onse atha m'mwezi woyamba, mwezi wachiwiri mwayamba kugwirira ntchito banki. Khadi lili ndi ntchito yake paulendo: mahotelo amagwira ndalama ya chikole mukamalowa, ndipo ndi bwino agwire pa khadi la ngongole kusiyana ndi kutsekereza ndalama yanu yodyera. Koma mulitulutse pokhapokha ndalama yobwezera bilu yonse ili kale pambali. Njira ija yolipira magawo anayi ndiyo ndikukanizani ndithu. Amadula sabata ziwiri zilizonse, kotero magawowo adzagwera mu Ogasiti, mwezi wogula zikwama ndi zovala za sukulu, n'kukusiyani opanda kanthu pakhomo pa 15 Seputembala. Obwereketsa amakonda kwambiri munthu wosalemba, chifukwa amangoyang'ana kagawo kakang'ono ka sabata ino.

Nkhani ya alamu anu musaione ngati yongowonjezera ana awiri kumpando wakumbuyo. Anthu asanu m'chipinda chimodzi cha hotelo n'zovuta kale, poti zipinda zambiri amaloleza anthu anayi, ndiye funsani musanalipire. Asanu ndi awiri ndi zipinda ziwiri basi, $930 ina. Chakudya chikwera ndi $300. Ngati galimoto yanu ndi ya mipando isanu muchita hayala yaikulu, mwina $500. Kukoma mtima kumeneku ndi kwa pafupifupi $1,700. Sindikunena kuti ana a abale ndi alendo, ayi, ndi ana anu omwe. Koma wopempha adziwe kulemera kwa chimene akupempha. Amene akalankhule ndi amuna anu, popeza ndi m'bale wawo, ndipo akanene nambala: "Achimwene, anawa tiwatenga, mbali yawo ndi yakuti, ifike mwezi uno usanathe." Akapereka, pitani nawo mokondwera. Akayamba za "tidzaona mukabwera", yankho mwalimva.

Ndatchula amuna anu, ndiye ndifunse: m'masamu a m'kalata yanu iwo ali pati? Ana ndi a nonse, ulendo ndi wa nonse, koma ndalama imene yatchulidwa ndi ya saluni yokha. $650 ikuperewera ija ndi nkhani yoti mukhale pansi awiri usiku uno.

Akumudzi nawonso muwawerengere. Zithunzi zikangokwera pa WhatsApp, mauthenga ayamba kulowa: fizi ya mu Seputembala, feteleza mvula isanagwe, denga likudontha. Zosowazo ndi zenizeni, ndipo amene akuona chithunzi cha mwana wanu ali pa hotelo sangadziwe kuti munasunga miyezi ingati. Musabise ulendo ngati mwaba, koma muyambe ndinu kulankhula. Tumizani ya mwezi ndi mwezi musananyamuke, muwauze kuti ya feteleza idzabwera mu Okutobala ndipo idzakhala yakuti, muilembenso m'kabuku kaja.

Ulendowu ndikufuna muupite, choncho tiyeni tiuchepetse mtengo. Sabata ya 4 Julaye muipewe, mzinda umadzaza ndipo mahotelo amakwera. Nyamukani Lamulungu m'mamawa, mubwerere Lachinayi, kuti Lachisanu mukhale muli pa mpando. Mwapulumutsa gawo lalikulu la $1,000 ija, ndipo masiku atatu athunthu ndi okwanira chifukwa malo akale onse ali moyandikana, oyenda pansi. Mukagone kutsidya kwa mtsinje wa Delaware, cha ku Cherry Hill ku New Jersey, kumene mahotelo ambiri salipiritsa poimika galimoto, n'kukwera sitima ya PATCO kukatsikira pa 8th and Market, pafupi ndi Independence Hall. Tengani chakudya cha pamsewu ndi cha m'mawa kuchokera kunyumba. Tsiku limodzi mukadye ku Reading Terminal Market, ana asankhe okha zimene akufuna. Mukatero $2,500 ija itsika kufika cha m'ma $1,900.

Ndipo popeza mukupitira maphunziro a ana, musathere pa belu pokha. Pafupi ndi khomo lolowera ku belulo pali malo amene panali nyumba ya pulezidenti pamene Philadelphia linali likulu la dziko, kuyambira 1790 mpaka 1800. George Washington ankasunga akapolo m'nyumba imeneyo, ndipo mmodzi mwa iwo, mtsikana wotchedwa Ona Judge, anathawa mu 1796 n'kukafika ku New Hampshire, sanabwererenso. Muyende pang'ono kum'mwera mpaka pa 6th ndi Lombard mukaone tchalitchi cha Mother Bethel, chimene Richard Allen, munthu amene anabadwira mu ukapolo n'kudziwombola ndi ndalama zake, anayambitsa mu 1794. Mpingo wa African Methodist Episcopal (AME) unaphukira pamenepo, ndipo ndi mpingo womwewo umene unathandiza Kamuzu Banda kupita kukaphunzira ku Wilberforce ku Ohio m'zaka za m'ma 1920. Ana obadwira ku Indiana amene amamva dzina la Kamuzu kwa makolo okha adzaona ndi maso kuti mbiri ya kwawo kwa amayi ndi ya dziko limene akukulira zinakumanapo.

Musanasungitse hotelo, tengani sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu yapitayi, mukhale nayo pansi ndi cholembera, mulekanitse za saluni ndi za pakhomo, muchotse kotala ya msonkho ndi zikole za makasitomala. Nambala imene itsale muiphatikize ndi ya amuna anu. Ikafika $1,900, pitani mu Julaye. Ikapanda kufika, sunthani ulendowo ufike pa tchuthi chachifupi cha ana mu Okutobala, msonkho wa Seputembala mutalipira kale, kunjanso kutazizirako koyenda bwino ndi ana. Mundilemberenso mundiuze nambala imene mwapeza.