Ngati ndege zimanena zokha pamene zili, radar ndi yachiyaninso?

Bambo wina amene amawerenga zimene ndimalemba wanditumizira imelo yofunsa kuti, popeza masiku ano munthu amatha kuona ndege zikuyenda pafoni pake kudzera pa Flightradar24, n'chifukwa chiyani maboma akuwonongabe ndalama pokonzanso radar m'malo mongoizula. Funso lanu n'lomveka, Bambo, koma zimene mumaona pafonipo ndi zimene ndegeyo ikunena yokha, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Radar yoyambirira, imene akatswiri amaitcha primary radar, imagwira ntchito ngati mawu amene amabwerera munthu akafuula pafupi ndi thanthwe. Mlongoti wake umazungulira uku ukutumiza mafunde a wailesi, ndipo mafundewo akagunda thupi la ndege amabwerera, kotero kuti nthawi imene atenga popita ndi pobwera ndiyo imasonyeza mtunda. Pabwalo la ndege mlongotiwo umazungulira kamodzi pa masekondi pafupifupi 5, koma wa radar yoona patali umatenga mpaka masekondi 12, ndipo m'kanthawi kameneko ndege yothamanga makilomita 900 pa ola imakhala itayenda makilomita atatu kadontho kake kasanasunthe pasikirini. Kadonthoko sikatchulanso dzina la ndegeyo. N'chifukwa chake kunabwera secondary radar, imene imafunsa ndege pa mafunde a wailesi a 1030 MHz, ndipo kachipangizo ka m'ndege kotchedwa transponder kamayankha pa 1090 MHz, kutchula nambala ya ndegeyo ndiponso kuti yakwera m'mwamba motani. Woyendetsa ndege akatchera nambala ya 7700, owongolera ndege amene ali pansi amadziwiratu kuti zinthu zavuta.

Njira yatsopano ndi ADS-B. Ndege imadziwa pamene ili pogwiritsa ntchito GPS, kenako imaulutsa malowo pafupifupi kawiri pa sekondi popanda woifunsa, ndipo cholandirira uthengawo chilibe mbali yozungulira yoti n'kuperepeseka, komanso n'chotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi radar. Ku United States lamulo loti ndege zouluka m'madera otanganidwa zikhale ndi ADS-B linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2020. Kwa ine, phindu lalikulu linaoneka pamwamba pa nyanja, pomwe palibe malo oimikapo mlongoti: kuyambira mu 2019 kampani ya Aireon imalandira mauthengawa kudzera pa masetilaiti 66 a Iridium, moti owongolera ndege zodutsa kumpoto kwa nyanja ya Atlantic anayamba kuziona zikuyenda, pamene kale ankadalira malipoti obwera patalipatali.

Vuto lake ndi lakuti mwa njira imeneyi ndege imadzichitira umboni yokha. Ikakhala chete, sikirini imakhalanso yopanda kanthu. Pa 8 Malichi 2014, transponder ya ndege ya Malaysia Airlines, MH370, imene inanyamula anthu 239, inasiya kuyankha, ndipo chimene chinaona kuti ndegeyo yatembenukira kumadzulo chinali primary radar ya asilikali, yomwe siifunsa ndege chilolezo kuti iione. Ndege ingathenso kunena zabodza mosadziwa, chifukwa mafunde a GPS amafika padziko ali ofooka ndipo savuta kuwasokoneza. Zimenezi zakhala zikuchitika m'madera ozungulira nyanja za Baltic ndi Black Sea, moti mu 2024 kampani ya ndege ya Finnair inaimitsa kwa pafupifupi mwezi wathunthu maulendo opita ku Tartu ku Estonia. Onjezani apo kuti mauthenga a ADS-B sabisidwa, ndipo ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene mumatha kuwaona pafoni panu.

Choncho amene akukonzanso makinawa sakusankha chimodzi n'kutaya chinzake. Akuika makompyuta amene amaphatikiza zochokera ku radar, ku ADS-B ndi ku njira ina yotchedwa multilateration, imene imapeza malo a ndege poyerekeza nthawi imene uthenga umodzi wafikira pa zolandirira zingapo zotalikirana, ndipo zikasemphana kompyutayo imazindikira kuti china chalakwika. Ndikugwirizana nanu pang'ono, Bambo, kuti secondary radar zina zakale zingathe kuchotsedwa kumene ADS-B ndi multilateration zikuona bwino dera lomwelo. Koma primary radar ya pafupi ndi bwalo lalikulu sindingaichotse, chifukwa ndege imene magetsi ake azima ikuyandikira bwalo imaonekera pa radar yokhayo.