Kodi antibodi ndi msilikali wa m'thupi?

Funso: Ndine wophunzira za sayansi ndipo andiuza kuti ndifotokoze m'Chichewa kafukufuku wathu wa mu labotale. Timagwiritsa ntchito maantibodi pofuna kudziwa ngati m'magazi muli puloteni yotchedwa IL-10. Ndinalemba kuti "tinayeza asilikali a m'thupi", koma mnzanga akuti ndalakwitsa. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Mnzanuyo akunena zoona, ndipo m'kachiganizo kakafupiko mwaphonya pawiri.

Mawu akuti "asilikali a m'thupi" tinawazolowera kuchipatala, makamaka pa nkhani ya HIV. Dokotala akati asilikali atsika, amanena maselo a CD4, omwe ndi gulu lina la maselo oyera a m'magazi. Antibodi si selo. Ndi kanthu kakang'ono kwambiri kuposa selo, kooneka ngati chilembo cha Y, ndipo amapangidwa ndi maselo a B, omwenso ndi maselo oyera a m'magazi. Nsonga ziwiri za mphanda yakeyo zimakakamira pa chinthu chokhacho chimene zagwirizana nacho maonekedwe. Mukafuna kusunga fanizo la nkhondo, antibodi ndi chida cha msilikali. Koma mu labotale mwanumo mulibe nkhondo n'komwe. Antibodi amene mukugwiritsa ntchitoyo sanachoke m'thupi la mwini magaziwo. Anabwera m'kabotolo, ndipo ambiri otere amachokera ku mbewa kapena akalulu. Njira yopangira maantibodi ofanana ndendende kuchokera ku selo limodzi anaitulukira Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge mu 1975, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1984. Ingolembani "antibodi", ambiri "maantibodi", mophatikiza monga timalembera maselo, n'kufotokoza kamodzi kuti n'chiyani.

Kuphonya kwachiwiri ndiko kwandisangalatsa, chifukwa kwagona pa kamawu kamodzi, "ndi". Kuyeza maantibodi n'kwina, kuyeza *ndi* maantibodi n'kwinanso. Zipangizo zambiri zoyezera HIV mwachangu zimafunafuna maantibodi amene thupi lapanga, choncho kumeneko amayezadi maantibodi. Inu mukufunafuna IL-10, antibodi ndiye wokusakirani. Chichewa chili ndi njira yakeyake yonenera chida: timalowetsa -er- kapena -ir- m'mneni. Yeza, yezera, pima, pimira, fufuza, fufuzira. Ndiye nenani kuti "maantibodi oyezera IL-10", basi nkhani yamveka.

Ngati njira yanu ndi ya ELISA, imene Eva Engvall ndi Peter Perlmann anaifotokoza ku Stockholm mu 1971, aneni amene mukufuna ndi a tsiku ndi tsiku. Pali kambale kapulasitiki kokhala ndi timaenje 96. Pansi pa kadzenje kalikonse *amamatapo* antibodi woyamba. Mukathira madzi a m'magazi, antibodiyo *amagwira* IL-10 ngati ilimo. *Mumatsuka*, zonse zosagwidwa n'kupita. Kenako mumathira antibodi wachiwiri amene *amakakamira* mbali ina ya puloteni yomweyo, atanyamula enzaimu, puloteni imene imasintha mtundu wa mankhwala othiridwa pambuyo pake. Mukatsukanso n'kudonthezera mankhwala a TMB, timaenje tomwe muli puloteniyo timasanduka tabuluu, ndipo mukathira asidi woimitsira timakhala tachikasu. Makina ndiwo amawerenga kukhathamira kwa mtunduwo. Mata, gwira, tsuka, kakamira: palibe mneni wobwereka ngakhale mmodzi.

Muona kuti ndikulemba "antibodi woyamba" koma "puloteni yomweyo". Anthu ena amati "puloteni ameneyu", ndipo sindingawatsutse, poti mawu obwereka amatenga nthawi kuti akhazikike m'gulu limodzi la maina. Ine ndimawasiyanitsa dala. Ndikati "antibodi amaigwira", ka -i- kameneko kakuuzani kale kuti chogwidwa ndi puloteni. Onse akakhala m'gulu la maina a anthu, "amamugwira" sauza wowerenga kuti wagwira mnzake ndani, makamaka pamene maantibodi ali awiri.

Chenjeraninso polemba zotsatira. Kadzenje kakapanda kusintha mtundu, musalembe kuti "mulibe IL-10". Lembani kuti "sinapezeke". Njira iliyonse ili ndi malire ake, ndipo puloteni ikachepetsetsa imatha kukhalamo koma osaoneka.

Funso: Ndikumasulira nkhani yonena za mapuloteni amene m'Chingerezi amati ndi a *immune regulation*. Ndalemba kuti ndi "olimbitsa chitetezo cha m'thupi". Zili bwino?

Yankho: Ayi ndithu, ngakhale ndikumvetsa chifukwa chake dzanja lathamangira kumeneko. Tikangomva "chitetezo", pakamwa pamabwera "kulimbitsa" kapena "kukweza", chifukwa ndi mmene uthenga wa zaumoyo umayankhulira. Koma mapuloteni ambiri a m'gulu limeneli ntchito yawo ndi youza chitetezo kuti chibweze moto. IL-10 yomwe tatchula ija, Tim Mosmann ndi anzake ataifotokoza mu 1989, anaipatsa dzina losonyeza kuti imaletsa maselo ena kupanga mapuloteni otumizirana uthenga. Mu 1993 ofufuza anaonetsa kuti mbewa zopanda IL-10 zimadwala matenda otupa matumbo osatherapo, chifukwa chitetezo chimapsa mtima popanda wochiletsa. Puloteni ina yotchedwa PD-1, yomwe Tasuku Honjo anaitulukira mu 1992, imagwira ntchito ngati buleki pa maselo oyera a m'magazi otchedwa maselo a T. Mukalemba "olimbitsa", wowerenga amva zosemphana ndi zoona.

Tsono tisankhe mneni uti? "Kulamulira" ndi mawu olemera kwambiri, akupereka chithunzi cha mfumu imodzi yopereka malamulo, pomwe mapuloteniwa ndi ambiri ndipo amakokanakokana. "Kuchepetsa" n'koona pa IL-10 koma sikukwanira gulu lonse, poti ena amasonkhezera. Ine ndimakonda "kuwongolera", monga achitira wogwira chiwongolero: apa wakhotetsa, apa wabweza. Pa gulu lonse nenani "mapuloteni owongolera chitetezo cha m'thupi". Mukafika pa IL-10 yeniyeniyo, masukani: "imachepetsa ukali wa chitetezo", kapena "imaziziritsa kutupa". Koma musati "imafooketsa chitetezo", chifukwa kufooka kwa chitetezo tonse timakumva ngati matenda.

Funso: Bwanji osangoti "zomanga thupi" m'malo mwa "puloteni"?

Yankho: Pa nkhani ya zakudya, "zomanga thupi" ndi mawu abwino kwambiri. Mu labotale amasocheretsa. IL-10 simanga mnofu, imanyamula uthenga, ndipo m'magazi imayezedwa m'mapikogalamu, omwe 1,000,000,000,000 ndiwo amakwana galamu imodzi. Antibodi nayenso ndi puloteni, ndiye mungafike polemba kuti chomanga thupi chagwira chomanga thupi chinzake.

Funso: Njira yotchedwa Western blot ndingaimasulire kuti "ya kumadzulo"?

Yankho: Isiyeni momwemo. Dzinali silikunena za mbali ya dziko, ndi nthabwala ya asayansi. Mu 1975 Edwin Southern anatulukira njira yofufuzira DNA, anthu n'kuitcha dzina lake, lomwe m'Chingerezi limamvekanso ngati "kummwera". W. Neal Burnette atafalitsa njira yofanana nayo ya mapuloteni mu 1981, anangoseweretsa mawu n'kuitcha Western. Lembani dzinalo, kenako fotokozani zimene zimachitika: mapuloteni amalekanitsidwa ndi mphamvu ya magetsi potengera kukula kwake, amasamutsidwira pa kapepala kapadera, ndipo antibodi akapeza yake pamaoneka kamzera.