Mwathokoza wa envulopu, nanga wosunga ana uja?

Azakhali,

Amuna anga anagonekedwa m'chipatala masabata 11 chaka chatha. Timapemphera mumpingo waung'ono wa anthu osapitirira 40, ndipo abale anatigwira mkono. Ine ndinkagona kuchipatala, ana athu atatu ankasungidwa ndi mayi ena achikulire amasiye. Koma amene anatithandiza kwenikweni ndi mkulu wina wa mpingo, yemwe analipira mbali yaikulu ya bilu. Bambo atachira tinaimirira kutsogolo kuthokoza mkuluyo ndi abusa, anthu n'kuwomba m'manja. Chiyambire tsikulo mkuluyo satipatsa mpata wopuma. Bambo akatsutsa mfundo yake pamsonkhano, amati "ena mwaiwala msanga." Bambo akuti tichoke mumpingomo, ine ndikukana, moti kunyumba sitikuyankhulana bwino. Kodi tikachoka ndiye kuti ndife osayamika?

Mayi wothedwa nzeru

Mayi,

Mkuluyo sinditaya naye nthawi yambiri. Akale anati kupatsa n'kuika, iye anamva ngati kuika kubanki, ndiye akubwera kudzatapa ndi chiwongoladzanja chomwe. Malipiro amene akufuna ndi mutu wa amuna anu ukugwedera pamsonkhano uliwonse, ndipo ngongole yotero siitha.

Ine maso anga aima pa mayi amasiye aja, amene mwangowadutsa ngati chitsa cha m'mbali mwa njira. Masabata 11 ndi masiku 77. Masiku 77 kudzutsa ana atatu a eni, kuwasambitsa, kuwachapira, kuona kuti apita kusukulu, kutonthoza wamng'ono usiku akamalira kufuna amake. Zonsezi munthu wachikulire, mwina msana ukuwawa. Mutangomaliza kuwatchula mwalemba kuti amene anakuthandizani "kwenikweni" ndi wina. Liwu limeneli landiwawa. Tsiku munaimirira kutsogolo lija, mayiwa anali pabenchi, ndipo ndikukhulupirira kuti anawomba nawo m'manja. Mukufunsa ngati mudzakhale osayamika mukachoka. Mayi, kusayamikako munachita kale, mpingo wonse ukuona.

Pali chinthu chimene mipingo yaing'ono imachiphonya. Kuthokoza kwa kutsogolo ndi chiphunzitso, chimalowa m'mitima kuposa ulaliki wa tsikulo. Ndalama imawerengeka, imabwera kamodzi mu envulopu, ndiye ndi yosavuta kuikumbukira. Ntchito ya manja imabwera pang'onopang'ono, lero ola limodzi, mawa usiku wonse, mpaka wolandirayo amazolowera n'kuyamba kuiona ngati mvula yongogwa yokha. Mukaimirira pamaso pa anthu 40 n'kutchula wa ndalama yekha, aliyense amapita kwawo atadziwa mtengo wake. Wa envulopu amadziwa kuti mawu ake tsopano ndi olemera kuposa a anzake. Mkulu amene akukuvutitsaniyu mpando munamukwezera ndinu. Osesa m'tchalitchi, ochezera odwala ndi osunga ana a anzawo, amene mumpingo wotere mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi, nawonso amamva uthenga wawo. Anthu amenewa sadandaula. Amangozimirira. Banja lina likadzagwa m'mavuto, mudzamva kuti miyendo ikuwapweteka, ndipo palibe adzadziwe kuti zinayambira pa Sabata lija.

Tsegulani Aroma 16 muone mathokozedwe a Paulo. Akutchula anthu oposa 25 ndi maina awo, ndipo ambiri akunena chimene anachita. Za Mariya akuti anagwira ntchito zambiri. Pa vesi 13 akupereka moni kwa amake a Rufo, n'kunena kuti analinso mayi kwa iye. Mayi ameneyo sitimva kuti analipira bilu ya munthu. Mu Machitidwe 6, dandaulo limene linachititsa kuti asankhidwe amuna 7 linali loti amasiye ena ankaiwalidwa pa thandizo la tsiku ndi tsiku. Kuiwala amasiye ndi matenda akale a mpingo, ndipo atumwi sanawachize ndi pemphero lokha, anaika anthu oyang'anira.

Ndiye yambani ndi mayiwo sabata ino. Mupite nonse awiri ndi ana, kunyumba kwawo, tsiku la pakati pa sabata. Moni wa pakhomo la tchalitchi sawerengedwa, uthenga wa pafoni ayinso. Mukakhale pansi, bambo ndiwo ayambe kuyankhula, ndipo atchule zimene anachita chimodzichimodzi, chifukwa "zikomo pa zonse" amauzidwa ngakhale munthu amene wangokulozerani njira. Mupepese kuti munawadumpha. Musatsogoze ndalama: mukatero masiku 77 aja mwawasandutsa ganyu, ndipo munthu waulemu wake adzakana kapena adzalandira mtima ukuwawa. Koma afunseni ngati anawonongapo zawo posamala anawo, pakuti osunga ana a eni nthawi zambiri amatapa m'thumba mwawo osanena. Zimenezo mubweze. Kenako muone ntchito imene ikuwakanika pakhomopo, kaya denga lodontha, kaya kuwaperekeza kuchipatala, musankhe tsiku limodzi pamwezi, mulilembe, muzilisunga. Za kuwathokoza kutsogolo muyambe mwawafunsa, ena sakonda kuimitsidwa pagulu.

Kwa mkuluyo njira ili pa Mateyu 18:15-17. Bambo apite okha, popanda inu, ndi funso limodzi: ndalama ija inali mphatso kapena ngongole? Akati ngongole, ilembedwe papepala: kuchuluka kwake, zobweza mwezi uliwonse, tsiku lomaliza, onse awiri asaine pamaso pa mboni ziwiri. Musakatenge katapila chifukwa cha mkwiyo kuti mumuponyere zonse kamodzi, mudzangosintha mbuye. Akati mphatso, bambo athokoze, n'kupempha kuti nkhaniyi isatchulidwenso pamsonkhano. Akabwereza, apitenso ndi munthu mmodzi kapena awiri, zikakanika ifike ku komiti ya mpingo. Abusa asakhale mboni yokhayo, popeza munawathokoza limodzi ndi mkuluyo ndipo kumudzudzula kungawavute.

Ndipo bambo, m'malo motuluka, akapereke mfundo pamsonkhano. Thandizo la ndalama lizidzera m'thumba la mpingo la zachifundo. Anthu awiri aziwerenga, wachitatu azilemba m'buku, ndipo wolandira asauzidwe dzina la wopereka, monga Mateyu 6:3 amanenera za dzanja lamanzere ndi lamanja. Lipoti liziperekedwa miyezi itatu iliyonse popanda maina a othandizidwa. Pakakhala matenda, pakhale ndandanda ya osinthana, wina asapitirire masiku awiri otsatizana. Mumpingo mwanu munali anthu 40, koma ana atatu anasiyidwira mayi mmodzi wachikulire masabata 11, ndipo kalata yanu sikudabwa nazo n'komwe.

Kunyumbako, lekani kulimbana pa kuchoka kapena kukhala. Amuna anu akunyozedwa pagulu atangodzuka pa mphasa ya matenda, ndipo akufuna kumva kuchokera kwa inu kuti mukuziona. Auzeni lero. Mugwirizane kudikira miyezi itatu mukuchita zimene ndanenazi, kenako muunikenso. Mukadzasankha kuchoka, mudzatsanzike bwino ndi kalata, ngongole ngati ilipo mupitirize kubweza, ndipo tsiku lija la pamwezi kwa mayi amasiye lisasinthe, kaya muzikapemphera kuti.

Azakhali