Kodi kutulutsa umuna ndi umboni woti mwamuna amabereka?

Bambo wina wa ku Ndirande wandilembera imelo yofotokoza kuti wakhala m'banja zaka zitatu popanda mwana, ndipo achibale ake ayamba kale kuloza chala mkazi wake. Funso lake ndi ili: "Popeza mphamvu za kuchipinda ndili nazo ndipo umuna umatuluka bwinobwino, kodi n'zotheka kuti vuto lili ndi ine?"

Bambo, n'zotheka ndithu, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziyesa chinthu chimodzi, zomwe ndi madzi amene mumawaona ndi mbewu ya abambo imene simungaione ndi maso. Mbewuyo imapangidwa m'machende, m'timachubu tating'onoting'ono topindikapindika, ndipo pamatenga pafupifupi miyezi iwiri ndi theka kuti ipangike. Ntchitoyi simayenda bwino pa kutentha kwa m'kati mwa thupi, komwe ndi madigiri 37, n'chifukwa chake machende amakhala kunja m'thumba lawo, momwe kutentha kumatsika ndi madigiri awiri kapena atatu. Mwina mwaonapo kuti thumbali limakhwinyata m'miyezi ya June ndi July, pomwe mu October limalendewera. Limeneli ndi thupi likusamala mbewu kuti isazizidwe kapena kutenthedwa mopitirira muyezo.

Ikachoka m'machende, mbewu imalowa m'kachubu kotchedwa epididymis, kamene kali kuseri kwa tchende lililonse, ndipo katati katambasulidwe kangatalike mamita pafupifupi 6. M'menemo ndi momwe imakhwimira n'kuyamba kutha kusambira. Pa nthawi yotulutsa umuna, mbewuyo imakwera kudzera m'chubu china chotchedwa vas deferens mpaka kuseri kwa chikhodzodzo, komwe imasakanikirana ndi madzi ochokera m'timatumba tiwiri totchedwa seminal vesicles komanso m'chiwalo cha prostate. Timatumbato timapereka pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a umuna wonse, ndipo madzi ake ali ndi shuga amene amapatsa mbewu mphamvu. Prostate imawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mbewu yeniyeniyo sipitirira magawo 5 pa 100 alionse.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Madziwa akhoza kutuluka ochuluka, oyera ndi okhuthala bwino, m'kati mwake muli mbewu yochepa kwambiri, yofooka, kapenanso mulibe ngakhale imodzi, monga momwe minibasi ingayendere kuchoka ku Limbe mpaka ku Wenela ilibe wokwera. Umboni wake ndi abambo amene anasankha njira yolera yotseka: dokotala amadula vas deferens yokha, ndipo pambuyo pake iwo amagona ndi akazi awo n'kutulutsa umuna wooneka ngati kale, koma osapereka mimba.

Mphamvu za kuchipinda nazonso zili ndi gwero lake. Chilakolako chimadalira kwambiri homoni ya testosterone, imene imapangidwa ndi maselo ena a m'machende osiyana ndi opanga mbewu, pomwe kudzuka kwa chida cha abambo kumachitika magazi akadzaza minofu yake. Choncho timachubu topanga mbewu tikhoza kuwonongeka, kapena njira yake kutsekeka, zina zonsezo zikuyenda bwino. Pachifukwa chimenechi, gondolosi ndi mankhwala ena ogulitsidwa m'misika sangayankhe funso lanu, ngakhale ogulitsawo atalumbira chotani.

Zimene zimawononga mbewu n'zambiri, koma zina n'zofala kwathu kuno. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, akapanda kuchizidwa msanga, amasiya zipsera zimene zimatseka epididymis, ndipo munthu akhoza kuiwala kuti anadwalapo ali mnyamata pomwe zipserazo zilipobe. Matsagwidi akagwira munthu amene watha msinkhu nthawi zina amatupitsa machende n'kuwafooketsa. Likodzo, limene ambiri amalitenga posamba kunyanja kapena m'madambo, silithera m'chikhodzodzo mokha, chifukwa mazira a tizilombo take amafikanso mu prostate ndi m'timatumba tija, mwakuti ena amaona magazi mu umuna. Palinso kutupa kwa mitsempha ya magazi m'thumba la machende, kawirikawiri kumanzere, kumene kumawonjezera kutentha; tchende limene silinatsike kuchokera m'mimba paubwana; fodya ndi mowa wambiri; komanso jakisoni wa testosterone amene anyamata ena onyamula zitsulo amadzibaya, yemwe amachititsa ubongo kusiya kutumiza mahomoni olamula machende kupanga mbewu.

Madokotala amati banja lili ndi vuto la kusabereka likatha miyezi 12 likugonana mosadziteteza popanda mimba, ndipo pa mabanja otere mwamuna amakhudzidwa pafupifupi theka la nthawi. M'maganizo mwanga, si chilungamo kuti mayi azizunguliridwa m'zipatala ndi kwa asing'anga pomwe kuyeza mwamuna n'kosavuta kuposa kuyeza mkazi. Mumangopereka umuna m'kabotolo mutadziletsa masiku awiri mpaka 7, ndipo umayenera kufika kulabotale ola lisanathe. Malinga ndi miyezo imene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2021, malire a m'munsi ndi umuna wokwana mamililita 1.4, mbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi, ndipo mbewu 42 pa 100 zilizonse zizikhala zoyenda. Kutsika pang'ono pa manambalawa sikutanthauza kuti simungabereke, ndipo zotsatira zikakhala zoipa amayezanso patatha miyezi pafupifupi itatu, popeza ngakhale kutentha thupi kwa malungo kumatha kutsitsa mbewu kwa kanthawi.

Pitani limodzi ndi mayi akunyumba kuchipatala cha m'dera lanu, kuti akaona kuti n'koyenera akutumizeni ku Queen Elizabeth Central Hospital. Kumeneko mukafotokoze mosabisa matenda amene munadwalapo, opaleshoni iliyonse ya m'chinena kapena ya m'thumba la machende, ndi mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo achikuda. Likodzo limachizika ndi mapiritsi a praziquantel, matenda opatsirana pogonana amafuna kuti nonse awiri mulandire mankhwala nthawi imodzi, ndipo mitsempha yotupa ija ikhoza kukonzedwa ndi opaleshoni.