Jinzi, Maleginzi ndi Chitenje M'chigwa cha Shire

FUNSO: Azakhali, ndine mayi wa zaka 26, ndinakwatiwa chaka chatha ndipo ndimagulitsa m'golosale pa Nchalo. Anzanga ambiri akuvala majinzi othina, maleginzi ndi matisheti monga timaonera pa TikTok, ndipo inenso ndimazikonda chifukwa ndimakwera kabaza tsiku lililonse. Koma apongozi anga a ku Ngabu atandiona nditavala buluku anati mkazi wapabanja satero. Kodi ndisiye kapena ndipitirize?
Wowerenga wa pa Nchalo

YANKHO: Mwana wanga, kuvala buluku si mlandu. Lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi linakhazikitsidwa mu 1973, m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda, ndipo linathetsedwa mu 1993. Pamene mavenda ena anavula amayi m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2012, amayi anachita zionetsero ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, anadzudzula mchitidwewo poyera. Ndatchula zimenezi kuti uwamvetsenso apongozi ako: ngati anakula m'zaka makumi awiri zimenezo, anakula akudziwa kuti mkazi wovala buluku akhoza kumangidwa, ndipo zimene munthu anazolowera ali mtsikana sizichoka mumtima tsiku limodzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ine ndi nsalu imene ukuika pathupi lako. Zovala zambiri zimene ukuona pa foni zinasokedwera anthu a kumaiko ozizira, pomwe iwe ukukhala kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Maleginzi ambiri a pa kaunjika ndi a poliyesita, ulusi wochokera ku pulasitiki, umene sumwa thukuta ndipo ukamatirira pakhungu mpweya sudutsa bwino. Mkazi amene waima m'golosale ya malata kuyambira m'mawa mpaka madzulo atavala chinthu chotere amatuluka totupa toyabwa m'ntchafu, ndipo chinyezi chokhalitsa chimenecho chimathandiziranso kuyabwa kumalo obisika, nkhani imene atsikana ambiri amachita nayo manyazi kuitchula. Jinzi nthawi zambiri imakhala ya thonje, koma ndi yokhuthala, ndipo ikakhala yothina ndi yakuda imasunga kutentha. Uisungire mwezi wa Juni ndi Julayi, kapena tsiku lokwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre.

Zimandipweteka mtima kuona kuti Chikwawa ndi Nsanje ndi maboma olima thonje, komabe ana athu akupsa m'zovala za pulasitiki. Ukamasankha pa kaunjika, tembenuza chovalacho uwerenge kansalu ka m'kati. Pakalembedwa kuti cotton, ndiye thonje. Kansaluko kakakhala kuti kanadulidwa, solola kaulusi kamodzi m'mphepete ukakayatse kunyumba. Thonje limanyeka ngati pepala n'kusiya phulusa, pomwe poliyesita amasungunuka n'kusanduka kampira kolimba. Mayeso omwewa uchitenso ndi zitenje, chifukwa zina zotsika mtengo zimene zadzaza m'misika masiku ano zilibe thonje ngakhale pang'ono.

Mwa masitayilo atsopanowa, imene ndikuivomereza ndi mtima wonse ndi buluku lotakasuka la miyendo ikuluikulu, limene munthu akaima limaoneka ngati siketi yaitali. Telala aliyense wodziwa ntchito yake pa Nchalo kapena pa Dyeratu akhoza kukusokera pa chitenje chabwino, ndipo ukaonjezera bulauzi yopepuka yowala yofika m'chiuno, ukwera kabaza momasuka popanda kugwirira nsalu m'mawondo. Madzulo limaphimbanso miyendo ku udzudzu, umene kuchigwa kuno suchepa. Madiresi aatali otakasuka nawonso ndi abwino, bola usamale kuti asakodwe m'masipoko a njinga.

Kwa apongozi, usapite ndi mkangano wa malamulo. Pamaliro, kutchalitchi, pabwalo la amfumu ndiponso pakhomo pawo ku Ngabu, manga chitenje pamwamba monga amachitira amayi ambiri ogwira ntchito, ndipo chizikhala m'chikwama mwako nthawi zonse chifukwa uthenga wa maliro ukhoza kukupezera kuntchito. Uyambe wakambirana ndi amuna ako kuti mugwirizane, kenaka iwowo ndiwo akafotokozere amayi awo mwaulemu kuti buluku ukulivalira kabaza ndi ntchito. Ukadzapitakonso, uwatengere chitenje cha thonje lenileni, ndipo uwapemphe akuonetse mmene iwo amamangira duku.
Azakhali